Chigafa Chimene Agalu Ankachikana

Kwathu kuno ku Chidzolomondo, m'boma la Macanga, ukwati umabadwa wopanda dzina, koma pofika Lolemba umakhala utalipeza. Pali ukwati wa nkhuku imodzi. Pali ukwati wa njuchi, umene abusa anaudalitsa akuthamanga. Pali ukwati wa buluku, pamene mkwati anawerama kuti avine chotsika, msoko wakumbuyo n'kuyankha mokweza kuposa zokuzira mawu. Eni maukwati amenewa anakula, ena ana awo akupita okha kuchigayo, koma mpaka lero mayi akamadutsa ndi thumba pamutu anthu amakodolana, amvekere, "Si uja wa nkhuku imodzi uyu?" Dzina la ubatizo anthu amaliiwala. La ukwati ayi.

La buluku lija ndinapereka ndine, ndisanayambe n'komwe sekundariya. La njuchi ndinangothandizira. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti za maukwati ndimazidziwa ngati mmisiri, osati ngati wodya mpunga chabe.

Ndimaphunzira ku Furancungo, panopa ndili mu desima, kalasi yakhumi, ndipo kumeneko amandidziwa. Bilimankhwe amene anapezeka m'bokosi la choko la pulofesoli, mphunzitsi wathu wa masamu, sanalowemo yekha. Chitsulo choimbira belu sichinakwere chokha padenga la chimbudzi. Koma chimene chinandipatsa mbiri mpaka kumudzi ndi chitedze. Pa Pasaka wa chaka chatha ndinapaka pang'ono chabe, kunsonga ya nthenga, pabenchi la akuluampingo. Tsiku limenelo anthu amene amaletsa achinyamata kugwedeza mapewa poimba anagwedeza thupi lonse. Anandikwapula, inde. Koma amene analipo amakumbukira mapemphero a tsikulo kuposa ena onse, ndipo palibe anandithokoza.

Mlongo wanga wamkulu, amene tonse timamutcha mana, ndi yekhayo pakhomo pathu amene sandimenya ndi kamtengo. Iye amamenya ndi maso. Chaka chomwecho cha chitedze anapeza mwamuna wa ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, mnyamata wofatsa amene amabwera ndi mbatata ya kachewere pamsika wa Furancungo, pomwe mana ankagulitsa tomato. Akuluakulu anagwirizana kuti ukwati uchitikira kwathu chilimwe chikamatha, kenako mana atengedwa kukakhala kwa mwamuna. Kumeneko alibe wake ndi mmodzi yemwe. Kuli apongozi ake aakazi, amene anabwera kamodzi kudzationa, mayi woti ngakhale chitenje chopitira kumunda amachisita. Atakhala pamphasa yathu ndinawaona akuyendetsa chala m'mphepete mwa mbale, kenako n'kuchiyang'ana chalacho mwakachetechete. Mana nayenso anaona.

Vuto linali malo a madyerero. Tchalitchi chathu n'chaching'ono, ndipo kuvina mkati saloleza, kupatula pa Pasaka uja. Bwalo la pakhomo lilibe denga, pomwe mitambo inali itayamba kale kusonkhana madzulo, ndipo mvula yoyamba sichita odi. Amalume, amene ndiwo ankhoswe a mana, anati tisavutike mtima: mnzawo wakale wapereka chigafa chake cha fodya, chaulere.

Mnzawoyo si mnzawo wamba. Anathawira limodzi ku Malawi nthawi ya nkhondo adakali anyamata, anagona m'msasa umodzi, nkhondo itatha n'kubwerera limodzi akusenzetsana katundu. Amatchulana achimwene ngakhale palibe magazi pakati pawo. Iye amalima fodya wambiri, ndipo chigafa chake si cha udzu ngati za ena. N'chachitali, cha malata, makoma a njerwa ofika m'chiuno, chokwana mudzi wonse ndi alendo omwe. Fodya anali atagulitsidwa kale, chinangokhala chopanda kanthu.

Mayeso atatha ndinabwera kumudzi, ndipo Loweruka lina amalume anati tikaone malowo. Ananditenga ine chifukwa njinga yawo imafuna wopalasa, iwo atakhala pakaliyala ngati thumba la feteleza lodziwa kulamula.

Muyenera kumvetsa mmene akuluakulu akwathu amaonera malo. Salowa. Chinthu chimene mnzako wakupatsa ndi manja awiri suchitembenuza kuti uone kumsana kwake, chifukwa kutero n'kumuuza kuti ukumukayikira. Ndiye kukaona malo kumatanthauza kukhala pampando panja, kufunsana za kunyumba, za nazale, za amene wadwala ndi amene wachira, kumwa thobwa, kenako kuponya diso kamodzi chapatali n'kunena kuti, "Ayi, malo ndi abwino." Mukatero mwaona, mutha kutsazika.

Ine ndinali ndi ntchito yanga. Ndinkafuna mtanda wabwino wa denga, pamwamba pomwe padzakhale padirinyu, woimirira mkwati, kuti ndidzamangepo kathumba ka gaga ndi ulusi wautali. Munthu wa ntchito ngati yanga amaona malo mosiyana ndi anthu abwino. Anthu abwino amaona zimene aonetsedwa. Ife timafuna kudziwa kumene anthu sakuyang'ana, poti ndiko timagwirira ntchito.

Zimene zinayamba kundikayikitsa ndi mipando. Dzuwa linali loswa mtengo, chigafa chili ndi mthunzi wokwana ng'ombe zonse za m'mudzi, koma ife anatikhazika kutali, pansi pa kamtengo ka mango kamasamba owerengeka, moti amalume ankakoka mpando kutsatira kamthunzi. Mwina ndi ulemu wa pakhomopo, ndinatero mumtima. Kenako ndinaona agalu. Anagona padzuwa, malilime ali panja, chigafa chili pomwepo chotsekula mbali zonse. Galu sadziwa ulemu. Akakana mthunzi, ali ndi chifukwa.

Mwini chigafa anatilandira atavala jombo, buluku atalilowetsa mkati mwa jombozo, tsiku lotentha lopanda ndi thope lomwe. Adzukulu ake ankatisuzumira ali pakhonde, miyendo yotuwa ndi phulusa, timabala tofiira kuyambira m'akakolo mpaka m'mawondo. Mmodzi anaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, akukanda winawo ndi chala chachikulu cha kuphazi.

"Taonani denga, achimwene," anatero mwini chigafa akuloza ndi ndodo. "Malata atsopano. Silidontha ngakhale pang'ono."

"Denga ndi limenelo," anavomera amalume.

"Nanga kutalika. Mutha kuimika munthu pamapewa a mnzake, sangakhudze."

"Kutalika ndithu."

"Mitanda ya bulugamu, chiswe sichinalawepo. Tayang'anani m'mwambamo."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Ndi omwe ndimanena ine ndikaika kanthu pampando wa munthu: taonani mbalame iyo. Munthu akalimbikira kukulozera m'mwamba, iwe yang'ana pansi.

Ndinapempha kuti ndikadzithandize, n'kuzungulira kuseri, n'kulowa m'chigafa chakumbuyo. Pakhomo lakutsogolo la chigafa, mpaka pomwe diso la munthu wokhala pansi pa mango lingafike, anazira bwino ndi dothi lakuda, posalala ngati m'nyumba ya mkwatibwi. Kupitirira apo linali fumbi lokhalokha, losakanikirana ndi phulusa latsopano. Pakona panali zikhomo zokhala ndi zidutswa za zingwe, ndowe za mbuzi zosesedwa mothamanga, ndi fungo lija la tonde limene tsache silichotsa. Nkhani inadzifotokoza yokha. Fodya atatuluka, mbuzi zinalowa kuopa akuba, ndipo zinangotulutsidwa masiku omwewo chifukwa cha ife.

Ndinaima pansi pa mtanda wanga n'kumauyeza ndi maso. Unali wabwino kwambiri, mpaka lero ndimaudandaula. Ndili chiimire ndinamva ngati wina akundiwaza mchenga m'miyendo. Tsikulo ndinavala kabudula ndi meya zanga zoyera za kushikola, zimene amalume amati sokosi monga anaphunzirira ku Malawi. Nditayang'ana, sizinalinso zoyera. Zinali ngati wina wafesapo mbewu ya fodya, ndipo mbewuyo inkadumpha.

Nthata. Osati ziwiri zitatu zija za pakhutu la galu. Mbuzi zikachoka m'khola, nthata zimatsala m'fumbi ndi njala yawo, kudikira aliyense wa magazi ofunda. Ndinatuluka ndikupondaponda, ndipo pamene ndinkadzikutumula kuseri kwa nkhokwe, dzina linabwera lokha m'mutu mwanga, lathunthu, losafuna kusema: ukwati wa nthata. Ndinaseka ndekha. Ndinaona alendo a ku Tsangano akudzikanda mwaulemu, abusa akusinthasintha mwendo, padirinyu akuvina nyimbo isanayambe. Kenako ndinaona mana atavala zoyera, chovala chikukwekwereza m'fumbi lija, apongozi ake akukweza pang'ono chitenje chawo chosita kuti ayang'ane m'akakolo. Kuseka kunathera pomwepo. Dzina limenelo likanakwera galimoto ya mbatata limodzi ndi mana, n'kukafika ku Ntengo-Wambalame iye asanatsike.

Meya imodzi ndinaivula n'kuimanga m'kajumbo. Nditabwerera pa mango ndinapeza amalume akunena kale kuti, "Ayi, malo ndi abwino."

Pobwerera ndinadikira tidutse dimba la mwini chigafa.

"Malume, m'chigafa muja muli nthata."

"Palasa."

"Zambiri, malume. Taonani miyendo yangayi."

"Miyendo yako ndaiona kuyambira uli wakhanda. Chitedze chatsala chochuluka bwanji m'thumba mwakomo?"

"Si chitedze."

"Pa Pasaka unatinso si chitedze. Unati akulu agwidwa ndi chimwemwe."

Izo ndinanenadi, ndipo linali yankho labwino.

Pachitunda anatsika, tikukankha njinga, n'kunena motsitsa mawu: "Tamvera, mphwanga. Ngakhale mutakhala mkango m'menemo, munthu uja anandibereka kumsana powoloka mtsinje, ine malungo atandithyola. Lero ndipite ndikamuuze kuti chimene wandipatsa n'chauve? Ndi pakamwa pati?"

Kunyumba amayi anayang'ana miyendo yanga, anandinunkhiza manja, n'kunena kuti ndikadzayandikira ukwatiwo ndi chilichonse choyabwa adzandimanga pamtengo limodzi ndi mbuzi ya ndiwo.

Mana ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusankha nyemba m'lichero. Sindinanene zambiri, ndinangomupatsa kajumbo kaja. Anakakweza kudzuwa. Timadontho tinkagunda pulasitiki, kubwerera, kugundanso.

"Iwe, ukundinamiza?"

"Mana, bodza langa limakhala lokonzedwa bwino kuposa ili. Ndikanati njoka."

Anakaika pansi, kutali ndi lichero. Anakhala kanthawi akusuntha nyemba imodzimodzi ndi chala, yabwino kuiika kwa zoola, yoola kwa zabwino.

"Amayi aja adzandiyang'ana ngati mbale ija," anatero. "Ndipo sindidzakhala ndi kothawira. Kumjigo, kuchigayo, kutchalitchi, konse adzakhala anthu awo."

"Dzina ndili nalo kale. Mukufuna kulimva?"

"Ukalitchula ndikuthira nyembazi m'makutu."

"N'labwino koma."

"Ndikudziwa kuti n'labwino. N'chifukwa chake ndikuopa." Anakankhira lichero pambali. "Amalume sangakane. Ine sindinganene, adzati mkwatibwi wayamba kunyada asanalowe m'banja. Iwe akukuyesa wachitedze." Anandiyang'ana ndi maso ake aja, koma ulendo uno sanali omenya. "Zija umachita zija. Sungachite imodzi yothandiza?"

Moyo wanga wonse anthu akhala akundipempha kuti ndisiye. Aka kanali koyamba munthu kundipempha kuti ndichite. Ndinamva ngati mbusa wa ng'ombe amene wauzidwa kuti lero aimbe kutsogolo kwa kwaya.

"Mundibwereke telefoni yanu Lamulungu, ndipo musandifunse."

"Chabwino. Koma gaga wa padirinyu uja usiye."

Mpaka pano sindidziwa kuti anadziwa bwanji.

Kuwauza amalume kunali kutalephereka, ndiye panafunika kuti nthata ziwauze zokha. Koma panali chinanso. Mwini chigafa sanayenere kuchititsidwa manyazi, apo ayi amalume akanaumirira dala kuti amuphimbe, ngakhale tonse titadyedwa. Munthuyo sanali woipa. Ankadziwa, jombo zija zinkanena, koma ankakhulupirira phulusa lake, kuti pofika tsikulo zikhala zitatha. Ankafunitsitsa kuti mwana wa mnzake akwatiwire pansi pa malata ake, anthu a ku Tsangano akanene kwawo. Kungoti nthata za m'khola sizimva phulusa la masiku ochepa.

Mwayi wanga unali woti amuna awiriwa ali ndi matenda amodzi: amakonda kujambulidwa.

Kwa amalume ndinati achimwene awo akupempha chithunzi cha awiriwo ali mkati mwa chigafa, choti adzapachike pabalaza, chikumbutso cha ubale wawo. Amalume anakhudzidwa mpaka anatsokomola. Ndinawonjeza kuti chithunzi chopachika chimafuna zovala zowala, ndipo buluku loyera limene anasoketsa la ukwati likanakhala bwino.

Kenako ndinapalasa kupita kwa mwini chigafa. Ndinagwada bwinobwino, manja pamodzi, n'kunena kuti amalume akupempha chithunzi mkati mwa chigafa choti atumize kwa apongozi, aone malo.

"Panja sipangakhale bwino?" anafunsa. "Denga limaoneka bwino panja."

"Akuti mkati, bambo. Akuti a ku Tsangano aone kukula kwake. Akutinso muvale za kutchalitchi."

Anayang'ana jombo zake. Kukana kukanafuna chifukwa, ndipo chifukwacho sakanachitchula. Ulemu womwewo umene unamanga amalume unamumanganso iye, ine ndinangogwira nsonga ziwiri za chingwe.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi tinafika, amalume akuwala ngati thumba la ufa. Mwini chigafa anavala jekete ndi nsapato zake zosongoka, zopanda meya. Analowa m'chigafa chake chomwe ngati munthu wolowa mumtsinje m'mawa wa chisanu. Ine ndinanyamula timipando tiwiri tafupi n'kukatiika pakona ya mbuzi ija.

"Bwanji pakhomo apa pozira?" anatero mwini chigafa.

"Pamenepo dzuwa likulowa m'telefoni, bambo. Kuwala kwabwino kuli kuno."

Anakhala. Ineyo ndinakwera pamwamba pa bokosi lodindira mabelo, ndikuti chithunzi chochokera m'mwamba chimachotsa makwinya.

"Yandikiranani. Malume, dzanja paphewa la achimwene anu. Eya. Musagwedezeke tsopano."

Sanagwedezeke. Agalu anabwera mpaka pakhomo, anatiyang'ana, n'kubwerera padzuwa.

"Watha?" anafunsa amalume osatsekula mano.

"Calma, dekhani malume. Telefoni ikuganiza."

"Iganize msanga," anatero mwini chigafa.

"Mwatsinzina, bambo. Tibwereze."

Ndili pamwambapo ndinkaona zonse. Phazi la amalume linayamba kugwira ntchito mkati mwa nsapato. Kenako kakolo wawo anapeza mwendo wa mpando n'kuyamba kuupatsa moni pang'onopang'ono. Mwini chigafa anatsokomola, ndipo m'chifuwacho anabisamo kambama kamodzi ka pakatumba. Palibe anayang'ana pansi. Aliyense ankaganiza kuti chithunzicho wapempha ndi mnzake, ndipo mnzako akapempha chinthu sumudula.

"Kukutentha lero, achimwene," anatero amalume, akumwetulirabe cha kwa ine.

"Kukutentha. Thukuta limayabwa."

"Limayabwadi. Makamaka m'miyendo."

"Makamaka."

Ndinajambula cha m'mbali. Ndinati jekete lapindika. Ndinati wina wadutsa kumbuyo, ngakhale kunalibe ndi nkhuku yomwe. Ndikanatha kupitiriza mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mtima unkafuna, koma mmisiri amadziwa pochotsa mphika pamoto.

"Malume, buluku lanu lakwinyika m'munsimo. Takonzani."

Anawerama. Kuyambira m'mphepete mpaka m'mawondo, buluku loyera lija linali nazale ya nthata. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza maso kwa ine, ine n'kuyang'ana denga. Anatembenukira kwa mnzawo, n'kupeza nayenso akuyang'ana denga, thukuta likutsika m'khosi, nkhope yake ngati ya mwana amene waswa chikho cha alendo. Ndinamumvera chisoni pang'ono. Pang'ono.

Ndi malata okha amene ankalira apa ndi apo, monga amachitira dzuwa likawawotcha. Amalume anapendeketsa mutu n'kumvetsera.

"Achimwene, malatawa amalira chonchi ndi dzuwa lokha?"

"Amalira."

"Nanga mvula ikagwa?"

Mwini chigafa anawayang'ana. Ndinaona nkhope yake ikumasuka ngati chingwe chimene mbuzi yasiya kukoka.

"Mvula ikagwa simungamvane," anatero. "Ngakhale mutafuula. Ndinkafuna ndikuuzeni kale."

"Ndiye abusa akamalangiza anawa, alendo ochokera kutali amva chiyani?"

"Palibe angamve. Zingakhale zamanyazi."

"Denga labwino kwambiri lili ndi vuto lake."

"Lili nalo. Koma ndili ndi malona ophimbira fodya, aakulu, ndi mitengo ya bulugamu yotsala. Timange chisakasa pakhomo pa alongo anu. Lona sililira."

"Mwaganiza bwino, achimwene. Ine sindikanaganiza."

Ananyamuka mosathamanga, n'kuyenda mwaulemu mpaka panja, akupatsana njira pakhomo. Atafika pankhokwe wina anapita kumanja, wina kumanzere, aliyense akuti akadzithandize. Kwa kanthawi kunkangomveka ngati amayi akupuntha nyemba.

Pobwerera amalume anakana kukwera njinga. Anayenda wapansi, dzanja limodzi likukanda, lina litagwira khutu langa, ine ndikukankha njinga chopendekera.

"Chithunzi chija ufufute."

"Chiti, malume? Zilipo zambiri."

Khutu linazungulira ngati chotsekulira wailesi.

"Unanama kwa akulu awiri tsiku limodzi."

"Anali masiku awiri osiyana, malume."

Titayandikira kumudzi anandisiya, n'kuima kuyang'ana buluku lawo. "Ukawauze amayi ako awiritse madzi," anatero. "Uwauze kuti ndinakhala pa nyerere."

Chilango changa chinali kukumba ndekha maenje onse a mitengo ya chisakasa, m'dothi louma la chilimwe limene khasu limadumpha. Ndinakumba ndikuimba, zimene zinawapweteka amalume kuposa nthata. Malona atafika pangolo sindinawakhulupirire msanga, poti anachokera pakhomo lomwe lija. Ndinawayala padzuwa masiku angapo, kenako ndinavala meya zanga zoyera n'kuyenda pamwamba pake uku ndi uku. Amayi ankandiyang'ana ali pakhonde. Meya zinakhalabe zoyera. Tsiku limene tinamaliza kufolera, galu wathu analowa m'chisakasamo, anazungulira, n'kugona pakatikati pomwe padzakhale akwati. Mana anamuona ali pakhomo la khitchini. Sanamuthamangitse.

Ukwati unachitika. Alendo anabwera pagalimoto ya mbatata, fumbi mpaka m'nsidze, akuimba. Mvula inagwa chakumasana, yofatsa, ndipo pa lona inkangonong'ona, moti mawu onse a abusa anamveka, ngakhale aja amene akwati akanakonda asamveke. Mwini chigafa anapereka mbuzi, n'kuitanidwa kutsogolo kuti anthu amuombere m'manja chifukwa cha malona. Anavina ndi amalume, nsapato zosongoka zija zili kuphazi. Padirinyu anakhala pansi pa mtanda wokongola kwambiri tsiku lonse, mutu wake uli poyera, wometedwa bwino. Ndinadutsa kumbuyo kwake kangapo. Sindinachite kanthu, ndipo ndikufuna zimenezi zidzakumbukiridwe pamaliro anga.

Apongozi a mana ndinawayang'anitsitsa nthawi ya chakudya. Chala chija chinayenda m'mphepete mwa mbale monga mwa chizolowezi chake. Anachiyang'ana, n'kupempha kuti awawonjezere nyemba.

Lolemba kuchigayo anthu anayesa. Wina anati ukwati wa lona, koma palibe anaseka. Wina anati wa mvula, koma maukwati a mvula ndi ambiri. Kenako onse anatembenukira kwa ine, poti amadziwa kumene mayina amachokera.

"Iwe unalipo. Panachitika chiyani?"

"Anakwatirana," ndinatero.

Mpaka lero ukwatiwo umangotchedwa ndi dzina la mana, dzina lake lenileni, ndipo ku Ntengo-Wambalame akamadutsa ndi ndowa pamutu anthu amangoti ndi mkazi wa uje, wa ku Macanga, wodziwa kulima tomato. Zithunzi zija mana sanafufute. Anandiuza kuti akasowa kwathu amatsekula chimodzi, cha akulu awiri atagwirana paphewa, akumwetulira ndi mano onse, maso ali ngati a anthu amene akumva uthenga wa maliro. Akuti amaseka mpaka apongozi amafunsa, iye n'kungoti ndi amalume anga awa ndi mnzawo, amakondana kwambiri.

Dzina langa lija linatsala losagwiritsidwa ntchito. Limandipweteka ngati malaya atsopano amene mulibe kopita nawo.

Za nthata palibe wamkulu anazitchulapo. Aliyense m'mudzi amadziwa kuti chigafa chinakanidwa chifukwa malata amalira mvula ikagwa, ndipo amalume amafotokoza zimenezi mosangalala kwa aliyense wofunsa. Mbuzi zinabwerera pakona yawo fodya wa chaka chino atangotuluka.

Mwezi wathawu akuluampingo, omwe aja a pabenchi, anakhala pakhonde la amalume kukambirana za msonkhano waukulu wa mipingo yoyandikana. Ine ndinkawathirira madzi osamba m'manja. Mmodzi anati chigafa chija chingakwane bwino, ndipo mwini wake sangakane. Amalume anafulumira kunena za malata.

"Malata alibe kanthu," anatero wamkulu wa onse. "Msonkhanowu uli pakati pa chilimwe. Mvula idzachokera kuti?"

Onse anavomera kuti apita Loweruka kukaona malo. Amalume anandiyang'ana ine.

Ine ndinayang'ana denga.